Ola limodzi la Lachinayi: momwe mungayambitsire kagulu kothandiza madokotala amene akuphunzira ntchito

Mu Januwale 2024, kolera itavuta mu Lusaka mpaka bwalo la mpira la National Heroes Stadium kusanduka chipatala, ndinapeza mmodzi wa madokotala athu achinyamata atakhala pa kreti kuseri kwa famase. Inali cha m'ma 10 koloko m'mawa. Anali atagwira ntchito usiku wonse, ndipo nthawi imeneyo anayenera kukhala ali pabedi kwawo. Ndinamufunsa funso limene amayi anga ku Katete amafunsa aliyense amene nkhope yagwa: "Adokotala, mwadya?" Anapukusa mutu. Patapita kanthawi anati, "Amayi, mwana uja watisiya. Kaya ndinamupatsa madzi ochepa, kaya ochuluka, mutu wanga sukundiuza."

Mwanayo anali ndi kolera, komanso anali wonyentchera kwambiri. Amene munagwirapo ntchito mu tenti ya kolera mwaona kale pamene pagona vuto. Mwana woposa chaka chimodzi amene madzi amuthera m'thupi timamuthamangitsira madzi a diripi otchedwa Ringer's lactate, 30 ml pa kilogalamu iliyonse m'mphindi 30, kenako 70 ml pa kilogalamu m'maola awiri ndi theka. Koma mwana wonyentchera mtima wake ndi wofooka, ndipo madzi othamanga angaulemetse mpaka kulephera. Zonse ziwiri zili m'buku. Pakati pa usiku, odwala ali mbwee, wothandizana naye ndi namwino mmodzi, uyenera kusankha wekha.

Funso la mnyamatayu linali limodzi, koma linkafuna zinthu ziwiri. Ndikanamupatsa phunziro lokha, akanapita kwawo ndi mlandu mumtima. Ndikanangomusisita pamsana n'kumuuza kuti zimachitika, mwana wotsatira akanamupeza ali ndi mantha omwewo ndi chikayiko chomwecho. Ife timakonda kulekanitsa zinthuzi: maphunziro m'chipinda cha misonkhano, za mumtima kutchalitchi kapena kubala. Ine ndinaona kuti zimabwera mu dengu limodzi, ndipo ziyenera kutulidwa malo amodzi. Kagulu kathu ka Lachinayi kanabadwira pa kreti paja.

Ndine dokotala wa zonse, amene masiku ano amatitchula kuti dokotala wa mabanja. Ndimagwira ntchito pa chimodzi mwa zipatala za m'makomboni, zija zinali makiliniki kale n'kukwezedwa, monga za ku Matero, Chilenje, Kanyama, Chawama ndi Chipata (ya komboni, osati ya kwathu kum'mawa). Pa mzere umodzi wa OPD, kumene timaonera odwala osagonekedwa, pamabwera agogo a BP amene mankhwala anawathera mwezi watha, mayi woyembekezera amene mutu ukumuwawa, mnyamata amene anasiya ma ARV, khanda lotentha thupi. Katswiri wa ku zipatala zazikulu za UTH kapena Levy Mwanawasa amalandira wodwala amene wina wamusefa kale. Sefayo ndife. Wophunzira ntchito imeneyi, kaya ndi intern (dokotala amene wangomaliza sukulu, akugwira ntchito moyang'aniridwa), kaya akuchita maphunziro a Family Medicine ku UNZA, ayenera kuzolowera kusankha asanadziwe zonse, ndipo zimenezi siziphunziridwa pa bolodi ngakhale unakhoza bwanji ku sukulu ya udokotala ya ku Ridgeway. Ndikulembera inu amene mumayang'anira achinyamatawa, komanso achinyamata eni ake ngati akuluakulu anu achedwa kuyamba.

Yambani ndi rota

Choyamba kusaka si chipinda kapena mutu wa phunziro. Ndi nthawi. Pitani kwa mkulu wa chipatala, ndipo musapite nokha. Tengani asisita oyang'anira OPD, chifukwa dokotala akasowa m'chipinda odwala amakalipira iwowo. Musakanene kuti "tiloleni tizikumana". Aliyense adzavomera ndi mtima wonse ndipo palibe chidzachitike. Kapempheni ola limodzi pa sabata lolembedwa pa rota (ndandanda ya mashifiti), pambali pake pali dzina la munthu amene adzagwire mzere pa ola limenelo. Kwathu amagwira ndi ma clinical officer awiri ndi dokotala mmodzi wamkulu, mosinthana. Mukawapempha mwaulemu, n'kuwabwezera tsiku lina akafuna kupita kumaliro kapena kusukulu ya mwana, savuta. Ambiri a iwo aona ma intern akubwera ndi kupita zaka zambiri, ndipo amazindikira amene akumira ife tisanaone.

Tinasankha Lachinayi, 14 koloko. Lolemba musayese, mzere wa kumapeto kwa sabata umafika kugeti. Lachisanu mitima ya anthu ili kale ku siteshoni ya mabasi ya Intercity. Ndipo musaike kagulu ntchito ikatha. Mukatero mwaba nthawi yopuma ya munthu amene mukuti mukumuthandiza, ndipo oyamba kusiya adzakhala amene ali ndi ana aang'ono ndi okwera minibasi ziwiri kuti akafike ku Chelstone kapena ku Kabanana.

Anthu akhale pakati pa asanu ndi mmodzi ndi khumi. Akachuluka, olankhula amakhala atatu omwewo. Chipinda chikhale chotsekeka, mipando mozungulira, tebulo kumbali. Mafoni onse m'dengu, kupatula imodzi ya amene ali pa kolo, woyembekezera kuitanidwa kwa wodwala. Pakhale tiyi ndi kanthu kotafuna. Ife timasonkha pang'onopang'ono mwezi ukatha ngati chilimba, ndipo mayi wina wa pageti amatiphikira zitumbuwa. Musaone ngati nkhani yaing'ono: masiku ambiri chitumbuwa chimenecho ndicho chinthu choyamba kulowa m'mimba mwa intern kuyambira m'mawa.

Wotsogolera asakhale wosainira logbook

Apa ndi pamene ndinalakwitsa. Miyezi iwiri yoyamba ndinkatsogolera ndekha, pamene ndine amene ndimasainira ma logbook awo (mabuku olembamo ntchito zimene aphunzira) ndi kulemba malipoti a momwe akugwirira ntchito. Nkhani zimene ankabweretsa zinali zosalala, zotha bwino, za odwala amene anachira n'kubwera kudzathokoza. Tsiku lina mtsikana wina anandidikira pakhomo n'kundiuza mwaulemu koma mosabisa: "Amayi, tingakuuzeni bwanji kuti tinachita mantha, pamene mawa ndinu mudzalembe ngati ntchito tikuitha?" Ankanena zoona, ndipo ndimamuthokoza mpaka lero.

Tinakonza motere. Mnzanga wina amene amagwira ntchito pa chipatala china amabwera kwathu, ine ndimapita kwawo sabata yotsatira. Ana ake sandiopa, anga samuopa. Ngati mulibe mnzanu wotere, sakani dokotala wopuma pa ntchito, namwino wamkulu amene achinyamata amamukhulupirira, kapena mlangizi wa ku kiliniki ya ma ARV amene wazolowera kumvetsera. Chofunika kwa wotsogolera ndi kudziwa kukhala chete ndi kusunga nthawi, osati kuchuluka kwa zilembo kutsogolo kwa dzina. Inu woyang'anira mukhoza kukhalapo pa mbali yoyamba ya olalo, ya maphunziro. Ikatha, tengani kapu yanu mutuluke, mukathandize kugwira mzere.

Malamulo ndi atatu, ndipo amanenedwa mokweza sabata iliyonse ngakhale onse akuwadziwa. Zonenedwa muno zimathera muno. Dzina la wodwala, nambala ya fayilo kapena chithunzi chake sizilowa m'chipinda, ndiponso sizilowa pa WhatsApp ya kagulu. Lusaka ndi wamkulu koma komboni ndi yaing'ono, ndipo wodwala wa mnzako angakhale azakhali ako. Lachitatu liyenera kunenedwa poyera kuyambira tsiku loyamba kuti wina asadzamve ngati waperekedwa: ngati zimene wanena zikusonyeza kuti moyo wako kapena wa wodwala uli pangozi, wotsogolera adzalankhula nawe pambali, ndipo mudzapita limodzi kwa amene angathandize.

Mphindi 20 za kabuku

Aliyense agule kabuku kakang'ono pa kantemba, kolowa m'thumba la chovala cha ntchito. Wodwala akatuluka n'kukusiyira chikayiko, lemba mizere iwiri. Woyamba: munthuyu amafunikira chiyani chimene sindinathe kumupatsa. Wachiwiri: ndiphunzire chiyani kuti wotsatira ndimupatse. Popanda dzina. Lachinayi aliyense amawerenga funso limodzi, timasankhapo limodzi kapena awiri, ndipo wina amalitenga kuti adzayankhe sabata yamawa m'mphindi zisanu. Yankho lichokere mu Standard Treatment Guidelines a Unduna wa Zaumoyo, m'malangizo a dziko lino a HIV, kapena kwa katswiri amene wamuimbira foni, osati m'mauthenga ongotumizirana. Projekita sitigwiritsa ntchito. Malaiti amapita, ndipo munthu akayamba kukonza masilaidi mphindi zisanu zimasanduka makumi atatu.

Mafunso amene amatuluka m'timabukuti ndi a ntchito yeniyeni. Munthu wa HIV wabwera CD4 (muyeso wa chitetezo cha m'thupi) ili pansi pa 200, ndiyeze chiyani asanatuluke pakhomo? Timakumbutsana za CrAg, yoyeza kachilombo koyambitsa matenda oumitsa khosi, ndi LAM ya mkodzo, yoyeza TB, ndi kuti mutu wowawa mwa munthu wotere si wa Panadol. Mayi woyembekezera BP yafika 160/110, ambulansi ikuchedwa, magnesium sulphate, mankhwala oteteza kukomoka, ndiyambe pano kapena akayambire kumene ndikumutumiza? Pano, ndipo timayeseza kusakaniza kwake ndi manja patebulo mpaka aliyense atakutha. Agogo a shuga alibe firiji, insulini ndiwayambitse bwanji? Mnyamata wasiya mankhwala a TB mwezi wachitatu chifukwa anapita kukagwira ganyu ku Chirundu, tiyambire pati?

Amene wanena kuti "sindikudziwa" timamuthokoza mokweza, ndipo wamkulu aliyense amene ali m'chipindamo abweretse funso lakelake la m'kabuku. Ine ndimabweretsa langa sabata iliyonse, lenileni, osati lokonza. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma kuchipatala phulalo amadya ndi wodwala. Wachinyamata amene wachititsidwa manyazi pa raundi yoona odwala m'wodi kamodzi kokha pamaso pa odwala amaphunzira kubisa, ndipo dokotala wobisa ndi amene ndimamuopa kuposa wosadziwa.

Pa mbali imeneyi sungani kaundula wa obwera ndi mitu imene mwakambirana. HPCZ, bungwe lopereka ziphaso kwa ogwira ntchito zaumoyo, imafuna mapointi a CPD (maphunziro opitiriza pa ntchito) pokonzanso chiphaso chogwirira ntchito chaka ndi chaka, ndipo kaundula wosungidwa bwino ndiye poyambira mukapita kukapempha kuti maphunziro anu aziwerengedwa. Mbali yachiwiri silembedwa paliponse.

Mphindi 40 za wodwala amene wakana kuchoka mumtima

Njirayi si yanga. M'zaka za m'ma 1950 ku London, Michael Balint, dokotala wochokera ku Hungary, ndi mkazi wake Enid anayamba kusonkhanitsa madokotala a zonse kuti azikambirana za odwala amene akuwavuta, osati pa nkhani ya mankhwala koma pa zimene zikuchitika pakati pa dokotala ndi munthuyo. Balint ankaphunzitsa kuti mankhwala amene dokotala wa zonse amapereka kawirikawiri kuposa ena onse ndi dokotala mwini wake, ndipo palibe amene amatiphunzitsa mlingo wake. Timagulu totere tilipo m'maiko ambiri mpaka lero. Ife tinangotenga mafupa ake n'kuwaveka zakwathu.

Zimayenda chonchi. Wotsogolera amafunsa, "Ndani ali ndi wodwala lero?" Kenako amadikira. Chete wa poyambayu amatalika, ndipo mudzafuna kumudula. Musamudule. Wina akayamba, amafotokoza kuchokera mumutu, popanda fayilo, mphindi zisanu kapena kuposerapo pang'ono: munthuyo ndi wotani, analowa bwanji, ananena chiyani, ine ndinamva bwanji. Ena amafunsa mafunso ochepa ofuna kumvetsa, monga zaka zake kapena amene anabwera naye. Zikatero wofotokozayo amakankhira mpando wake kumbuyo pang'ono n'kungomvetsera, ngati kuti nkhaniyo waibwereketsa. Otsalawo amakambirana okhaokha: wodwalayu amaona chiyani akalowa m'chipinda chija, akuopa chiyani, kunyumba wasiya zotani, ndikanakhala ine dokotala ndikanamva bwanji. Kutatsala mphindi zisanu mwini nkhani amabwerera m'bwalo n'kunena chimene watolapo, kapena kungothokoza.

Ndipereke chitsanzo, nditasintha zina kuti munthuyo asadziwike. Mnyamata wina anatiuza za agogo amene ankabwera mwezi uliwonse ndi kuphwanya kwa thupi lonse. Magazi anayezedwa, malungo palibe, shuga ali bwino, BP ili bwino. Iye anavomera, mutu ali pansi, kuti akangoona agogowo pa benchi mtima umamupsa, ndipo anayamba kuwalembera mankhwala asanamalize kulankhula. Palibe amene anamudzudzula. Mtsikana wina anati agogowo akumukumbutsa ambuye ake a ku Petauke amene anayamba kudwaladwala chaka chimene anaika mwana wawo m'manda. Wina anati mwina m'mwezi wonse, pamene munthu amawagwira dzanja ndi pa nthawi yoyeza BP yokha. Winanso ananena za dokotalayo, kuti kupsa mtima kwake kungakhale manyazi a munthu amene anaphunzira zaka zambiri kuti azichiritsa ndipo wakumana ndi chimene sichichira ndi mapiritsi. Mwezi wotsatira mnyamatayo anaika cholembera pansi n'kufunsa, "Agogo, kunyumba mumakhala ndi ndani?" Anali akulera adzukulu anayi okha, mayi wawo atamwalira. Agogowo akubwerabe. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano akulandira thandizo la matenda a maganizo amene anali nawo kuyambira kale, ndipo dokotala wawo sawathawanso.

Chovuta kwambiri n'chakuti ife madokotala timathamangira kulangiza. Pasanathe mphindi ziwiri wina anena kuti "mukanayeza chithokomiro". Wotsogolera amuletse mofatsa: "Limenelo lembani m'kabuku, tidzalione sabata yamawa." Mudzanena mawu amenewa kambirimbiri miyezi yoyamba.

Chovuta china ndi ulemu wathu womwe, umene ndimaukonda ndipo sindifuna kuti uthe. Mwana woleredwa bwino salankhula wamkulu asanalankhule, ndipo wamkulu akalankhula nkhani yatha. Choncho m'chipinda chimenechi tinatembenuza: woyamba kulankhula ndi amene wabwera posachedwa pa ntchito, wotsogolera amalankhula pomaliza kapena osalankhula n'komwe. Tinalolanso chilankhulo chilichonse. Chingerezi ndi cha pa raundi, ndipo m'Chingerezi munthu amabisala mosavuta kuseri kwa mawu a m'buku. Wina akasiya Chingerezi pakati pa chiganizo n'kunena kuti "zinandiwawa", kapena kulowa m'Chibemba kapena m'Chitonga, dziwani kuti wafika pamene pali chilonda. Amene sanamve afunse mnzake pambuyo pake, osamudula.

Zimene sizingadikire Lachinayi

Wodwala akamwalira mosayembekezereka, makamaka mwana kapena mayi wobereka, imitsani onse amene analipo kwa mphindi khumi shifiti isanathe: dokotala, anamwino, ngakhale wokankha machira. Aliyense anene zimene anaona ndi zimene zatsala mumtima mwake. Funsani wachinyamatayo amene akamupeze kunyumba, ndipo ngati amakhala yekha, wina amuimbire madzulo. Kusanthula chimene chinalakwika kuli ndi tsiku lake ndi msonkhano wake, ndipo kuyenera kuchitika mosabisa kanthu. Koma musamutume intern yekha kukauza achibale, ndipo musamusiye yekha pa msonkhano wounika imfa. Khalani pambali pake.

Mnyamata wa pa kreti uja ndinamuperekeza kukadya, kenako tinatenga tchati cha mwanayo n'kuchiwerenga mzere ndi mzere. Ndinamuuza zimene anachita bwino, ndipo zinali zambiri. Ndinamuuzanso chimodzi chimene ine ndikanachita mosiyana: kumvetsera m'chifuwa ndi kuwerenga kapumidwe pafupipafupi diripi ikuyenda. Sindinamunamize kuti panalibe chophunzira, chifukwa akanadziwa kuti ndikumunamiza ndipo sakanandikhulupiriranso. Ndinamukumbutsanso kuti mwanayo anafika atatsegula m'mimba masiku awiri, ali kale pakhomo la imfa.

Jakisoni akakubaya, tsuka ndi sopo pa madzi oyenda, osafinya, ndipo nena nthawi yomweyo. PEP, mankhwala oteteza ku HIV munthu akabayidwa, imayambidwa msanga momwe zingathekere, pasanathe maola 72, ndipo imamwedwa masiku 28. Zimenezi aliyense anakhoza pa mayeso. Chimene ambiri sadziwa ndi kumene mankhwalawo amasungidwa usiku ndi amene amasunga kiyi. Muwaonetse ndi chala tsiku loyamba. Achinyamata amabisa kubayidwa chifukwa cha manyazi, komanso chifukwa safuna kuyezedwa HIV ndi munthu amene amadya naye nsima masana. Konzeranitu mlangizi mmodzi wosunga chinsinsi, kapena chipatala china chapafupi. Funsaninso aliyense ngati anamaliza katemera wa hepatitis B, majakisoni onse atatu, ndipo amene akutsokomola osasiya apereke makhololo ku GeneXpert, makina oyeza TB, monga momwe iye amatumizira odwala ake.

Za tulo ndinene mwachidule. Munthu amene wakhala maso maola 17 amachedwa kuganiza ndi kuchitapo kanthu mofanana ndi amene ali ndi mowa wa 0.05 peresenti m'magazi. Kwathu wochoka pa kolo ya usiku wonse sayendetsa galimoto mu Great East Road. Amagona kaye, kapena ndalama zimene timasonkha za zitumbuwa zimamulipirira takisi ya Yango. Usiku pakapezeka mpata, tulo ta mphindi 20 timathandiza kuposa kapu yachinayi ya khofi.

Ndalama

Nkhani imeneyi imatuluka mochedwa, mwina mwezi wachinayi, chifukwa ndi ya manyazi kuposa ya imfa. Kumudzi akangomva kuti mwana wathu ndi dokotala, foni siipuma: fizi ya mng'ono, feteleza, bokosi la maliro, denga la tchalitchi. Pamene mwanayo mwina akugwira ntchito mongodzipereka podikira kulembedwa, kapena malipiro ake ali kale m'manja mwa banki. Ndaona achinyamata akuchoka pa kolo n'kupita kukagwira usiku wina pa kiliniki ya pulayiveti, ena kulowa kaloba kuti asanenedwe kuti aiwala kwawo. Sindiweruza aliyense, inenso ndinaphunzitsa ang'ono anga atatu. Koma perekani Lachinayi limodzi pa miyezi itatu ku nkhani imeneyi. Aliyense awerengere yekha ndalama imene angathe kutumiza mwezi uliwonse osagwa, auze munthu mmodzi wamkulu kubanja, monga amalume kapena amayi, kuti zopempha zonse zizidzera kwa iyeyo. Kukana achibale khumi mmodzimmodzi kumalemera. Kunena kuti "kambiranani ndi amalume" kumatheka. Za malipiro ndi maola a ntchito si za kagulu aka kuzithetsa. Alimbikitseni kulowa Resident Doctors Association of Zambia ndi Zambia Medical Association, kumene mawu a ambiri amamveka.

Pamene kagulu sikakwanira

Mu 2019 bungwe la WHO linalongosola burnout monga vuto lochokera ku ntchito, lokhala ndi mbali zitatu: kutheratu mphamvu, mtima kutalikirana ndi ntchito mpaka kuyamba kuinyoza, ndi kuona kuti zimene ukuchita sizikuphula kanthu. Mbali yachiwiriyo ndi imene mudzaione msanga. Amene ankagwada polankhula ndi agogo wayamba kutchula odwala ndi nambala ya bedi ndi kuwakalipira. Musathamangire kunena kuti wayamba matama. Mufunseni kuti anapita liti ku livu komaliza, ndipo mumuthandize kuitenga. Kagulu sikachepetsa mzere ndipo sikalowa m'malo mwa tulo. Ngati rota ndiyo ikupha anthu, konzani rota.

Koma pali zina zimene si kutopa. Munthu amene kwa masabata awiri kapena kuposa alibe chimwemwe ngakhale pa tsiku lopuma, sagona kapena amangogona, wasiya kudya, akudziona ngati katundu kwa ena, ameneyo akudwala, ndipo matendawa ali ndi mankhwala. Wina amayamba kununkha mowa m'mawa. Wina amadzilembera diazepam kapena tramadol, kapena kaundula wa pethidine amayamba kusagwirizana pa mashifiti ake. Muitanireni pambali tsiku lomwelo. Ndipo funsani funso limene tonse timaliopa, ndi mawu ake enieni: "Kodi mwaganizapo zodzipha?" Kufunsa sikuika ganizolo mumutu mwa munthu. Akavomera, musamusiye yekha, chotsani mankhwala amene ali pafupi naye, ndipo mupite naye inuyo kwa dokotala wa maganizo tsiku lomwelo.

Tonse tinakula tikumva dzina la Chainama, chipatala cha matenda a maganizo, likutchulidwa ngati chitonzo pa bwalo la sukulu, ndipo dokotala wachinyamata amaopa kuti akaonekera kumeneko ntchito yake yatha. Dziko lino linasintha lamulo la za matenda a maganizo mu 2019, kuchotsa lakale la nthawi ya atsamunda, koma mitima yathu ikutsalira m'mbuyo. Choncho konzeranitu njira vuto lisanafike. Dziwanani ndi katswiri mmodzi wa maganizo amene angaone wantchito mnzanu mwakachetechete, pa nthawi imene odwala ena kulibe, ndipo nambala yake ikhale mu foni ya aliyense wa m'kagulu. Inuyo musakhale dokotala wa wophunzira wanu. Akabwerera ku ntchito, muyambitseni ndi masana okha, ndipo amene angafunse auzeni kuti anali kudwala, basi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe; mwa akuluakulu amene mumatiwona olimba lero, ambiri tinadutsamo, kungoti panalibe amene anatifunsa.

Mwezi wachitatu

Timagulu tambiri timafa pamenepa. Chidwi cha poyamba chatha, mvula yayamba, odwala otsegula m'mimba achuluka, wogwira mzere wapita ku livu, ndipo wina anena kuti "sabata ino tidumphe". Mukadumpha kawiri motsatizana, kachitatu palibe adzakumbuke. Kumanani ngakhale mwabwera awiri, ngakhale kwa theka la ola. Ma intern atsopano akafika, mmodzi wa akale awatenge pa dzanja kuwalowetsa m'chipindamo sabata yawo yoyamba, asanaphunzire kudya masana ali chiimire. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi, perekani timapepala topanda maina kuti alembe chimene akufuna chisinthe, ndipo chimodzi mwa zimenezo musinthedi. Ife anatiuza kuti tiyi azifika olalo lisanayambe, chifukwa kulira kwa makapu kunkadula anthu pakati pa nkhani.

Mnyamata uja anatumizidwa ku chipatala cha kuboma lina kutali ndi njanji, kumene madokotala ndi awiri okha. Anayambitsa kake ndi mzamba mmodzi ndi ma clinical officer awiri, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa wodi ya amayi, ndipo netiweki ikalola amatitumizira funso la m'kabuku kake Lachinayi m'mawa. La sabata yatha linali la mlimi wolumidwa ndi mphiri amene anafika mwendo utamangidwa ndi lamba wa njinga kwa maola asanu ndi limodzi. Amene analitenga kuti adzayankhe ndi mtsikana amene wangoyamba mwezi uno, ndipo dzulo ndinamuona pa benchi ya famase akuwerenga za njoka, chitumbuwa chili kudzanja lina.